Masese a chimanga m'khola la nkhuku: phindu lake ndi zoopsa zake

Ulónguè — Woweta nkhuku za malonda aliyense m'chigawo cha Tete amadziwa kuti phindu lake limathera m'thumba la chakudya, chimene ambiri amachitcha rasau. Pa meticais 100 alionse amene mlimi amaika pa mwanapiye kufikira tsiku lopita naye ku msika, pakati pa 60 ndi 70 amagulira chakudya chokha. Katemera, makala otenthetsera khola, madzi ndi mtengo wa mwanapiye weniweniyo zimagawana zotsalazo. Motero mtengo wa rasau ukangokwera pang'ono, makola ena amatsekedwa, ndipo nkhuku ya pa msika wa Kwachena mu mzinda wa Tete imasanduka ndiwo ya anthu a malipiro okha.

Chimene chimakweza mtengowo kwambiri ndi soya. Chimanga chimapatsa nkhuku mphamvu, koma mapuloteni ake, amene ndiwo amamanga mnofu ndi dzira, ndi ochepa: magawo 8 kapena 9 pa 100. Bagaso wa soya, ndiye kuti soya wofinyidwa mafuta, ali ndi magawo 44 mpaka 48. Nkhuku yanyama ikakhala yaing'ono imafuna chakudya cha magawo 21 mpaka 23, ikasinkhuka 18 mpaka 20, pamene yoikira mazira imafuna 16 kapena 17. N'chifukwa chake pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a thumba la rasau wa nkhuku zanyama limakhala soya.

Mbewu imeneyi si yachilendo m'dziko muno. Idayamba kulimidwa m'munda wa Boma ku Lioma, m'boma la Gurué, m'zaka za m'ma 1980, nkhondo n'kuisokoneza. Idadzukanso pambuyo pa chaka cha 2005, pamene ulimi wa nkhuku udayamba kulimbikitsidwa kuti dziko lichepetse nkhuku zozizira zochokera ku Brasil, ndipo lero Angónia ndi Tsangano ali m'gulu la maboma amene amakolola soya wambiri. Komabe soya wa pa mapiri ano ali ndi ogula ochuluka: makampani akuluakulu a nkhuku a ku Chimoio, ku Nampula ndi ku Maputo, mafabirika a mafuta ophikira, ndiponso amalonda odutsa malire. Woweta wamng'ono wa nkhuku 200 kapena 500 ndiye amakhala womaliza pa mzere. Mu 2022 mtengo wa soya udakwera pa dziko lonse lapansi nkhondo ya ku Ucrânia itabuka, ndipo mu 2024 chilala cha El Niño chidapsereza minda yambiri ya m'chigawo chino, chimanga chimene chikadapita ku khola n'kufunika pa mphika.

M'maiko ena, gawo la soya ndi chimanga m'chakudya cha ziweto lidalowedwa m'malo ndi chinthu chimene amayi otcheza kachasu amachidziwa bwino: zotsala mu mbiya mowa ukachoka.

Chimene chimatsala mowa ukatchezedwa

Fabirika yopanga etanol, mowa wosakaniza ndi petulo wa galimoto, imagwira ntchito yofanana ndi ya mayi wa kachasu, kungoti mbiya zake ndi zazikulu ngati nyumba. Chimanga chimagayidwa, kuthiridwa madzi ndi kuphikidwa. Kenaka amathiramo mankhwala otchedwa enzima, amene amasandutsa amido, ufa woyera wa mkati mwa njere, kukhala shuga. Imeneyi ndi ntchito imene chimera chimagwira pa mowa wa kumudzi. Atatero amaikamo chotupitsa, chimene chimadya shugayo kwa masiku awiri kapena atatu n'kutulutsa mowa ndi mpweya. Phalalo likatenthedwa, mowa umauluka ngati nthunzi n'kukazizira kwina, ndipo pansi pamatsala phala lamadzimadzi lopanda mowa.

Phala limenelo amalizunguza m'makina kuti madzi apatukane ndi zolimba. Madziwo amawawiritsa mpaka atakhuthala ngati uchi, n'kuwabwezera pa zolimbazo, ndi kuumitsa zonse pamodzi. Chotuluka chake ndi ufa wokhakhala wa mtundu wa golide, wonunkhira ngati mkate wongochoka mu uvuni. Pa malonda a dziko lapansi ufawu umadziwika ndi zilembo zinayi, DDGS. M'chinenero cha kuno tingati ndi masese ouma a chimanga.

Pa makilo 100 a chimanga, fabirika imapeza malita pafupifupi 40 a etanol, makilo pafupifupi 30 a masese ouma, ndipo otsalawo amauluka ngati mpweya. Popeza amido ndiye amatenga magawo awiri mwa atatu a njere, akachoka iye zonse zotsala zimachuluka katatu pa kilo iliyonse. Mapuloteni amachoka pa 9 n'kufika pa 27 mpaka 30 pa 100. Mafuta amachoka pa 4 n'kufika pa 10 kapena 12, ngakhale kuti kuyambira cha m'ma 2012 mafabirika ambiri a ku América amayamba achotsako mafutawo kuti akagulitse padera, kotero kuti masese a masiku ano amakhala ndi magawo 5 mpaka 9. Makoko a njere nawo amachuluka katatu.

Palinso mphatso ina imene chotupitsa chimasiya. M'chimanga chosaphika, fosiforo wambiri, amene nkhuku imamangira mafupa, amakhala womangika mwa njira yoti mimba ya nkhuku singamumasule. Pamene phala likuwira, gawo lalikulu la fosiforoyo limamasuka, ndipo m'masese nkhuku imatha kugwiritsa ntchito woposa theka. Zimenezi zimachepetsa fosifeti wogula, amene ndi chimodzi mwa zinthu zodula kwambiri m'thumba la rasau. Tizilombo ta chotupitsa tikafa timatsala momwemo, ndipo timawonjezera mavitamini a gulu la B.

Kumene malondawa adakulira

Kudyetsa ziweto zotsala za mowa kudayamba kalekale. Otcheza whisky ku Escócia ndi ku Kentucky ankamanga makola a ng'ombe ndi nkhumba pafupi ndi mafabirika awo. Nkhaniyi ili ndi mbiri yake yoipa: mu 1858 nyuzipepala ina ya ku New York idaulula kuti ng'ombe zotsekeredwa m'makola auve, zodyetsedwa phala lotentha la m'mafabirika a mowa popanda udzu, zinkatulutsa mkaka umene unkadwalitsa ndi kupha makanda a mu mzindawo. Phunziro lake lidakalipo mpaka lero, lakuti masese ndi gawo chabe la chakudya, sangakhale chakudya chonse.

Kusintha kwakukulu kudadza mu 2005 ndi mu 2007, pamene dziko la Estados Unidos lidakhazikitsa malamulo okakamiza kusakaniza etanol m'petulo. Mafabirika pafupifupi 200 adamera m'dera lolima chimanga, makamaka ku Iowa, Nebraska, Illinois ndi Minnesota, ndipo chimanga choposa gawo limodzi mwa magawo atatu a zokolola za dzikolo chidayamba kupita kumeneko. Masese otuluka m'mafabirikawo amapitirira matani 30 miliyoni pa chaka. Ambiri amadyedwa ndi ng'ombe zanyama ndi zamkaka, nkhumba zimatsatira, ndipo nkhuku za m'dzikolo zimalandira gawo losafika 10 pa 100. Kuyambira mu 2015 mpaka mu 2023, chaka chilichonse matani oposa 10 miliyoni ankatumizidwa ku México, Coreia do Sul, Vietname, Indonésia, Turquia ndi maiko ena, kumene ambiri mwa iwo amathera m'makola a nkhuku ndi nkhumba.

Dziko la Brasil, limene kwa zaka zambiri linkapanga etanol ndi nzimbe zokha, lidatsegula fabirika yoyamba ya chimanga chokhachokha mu 2017 ku Lucas do Rio Verde, m'chigawo cha Mato Grosso. Kuchokera pamenepo mafabirika ena ambiri atsegulidwa, ndipo oweta a kumeneko, amene nkhuku zawo zimapikisana ndi za kuno m'mafiriji a m'malonja, apeza chakudya china chotsika mtengo.

Muyeso umene nkhuku imalola

Ng'ombe ili ndi chifu chachikulu chokhala ndi tizilombo togaya makoko ndi udzu. Nkhuku ilibe, ndipo matumbo ake ndi aafupi. Pa chifukwa chimenechi masese amene ng'ombe imadya mochuluka, nkhuku imayenera kupatsidwa mwa muyeso.

Mu 2004 akatswiri atatu a pa Universidade ya Georgia, Lumpkins, Batal ndi Dale, adafalitsa zotsatira za kafukufuku amene alangizi ambiri amatsatabe. Iwo adapeza kuti anapiye a nkhuku zanyama amakula bwino masese akakhala magawo 6 pa 100 a chakudya chawo, ndipo nkhuku zosinkhuka ndi zoyandikira ku msika zimalola magawo 12 mpaka 15. Atafikitsa pa 18, anapiye adayamba kutsalira pa kakulidwe. Chaka chotsatira akatswiri omwewo adaonetsa kuti nkhuku zoikira zimatha kudya magawo 15 popanda kuchepetsa mazira, malinga chakudya chonsecho chikhale chokwanira bwino pa zina zonse.

Chimene chimaika malire amenewa ndi lizina. Mapuloteni amapangidwa ndi tizidutswa tosiyanasiyana totchedwa amino asidi, ndipo thupi la nkhuku silingamange mnofu ngati kamodzi mwa tizidutswato kasowa, monga mmene mmisiri sangamalizire denga ali ndi malata ambiri koma misomali itamuthera. Chimanga ndi chosauka pa lizina, ndipo masese, pokhala mwana wa chimanga, adatengera umphawi womwewo. Kilo imodzi ya bagaso wa soya ili ndi magalamu pafupifupi 29 a lizina, pamene kilo ya masese ili ndi 8 okha.

Masamu ake ali motere. Wosakaniza chakudya akaika makilo 10 a masese m'makilo 100 a rasau, angathe kuchotsamo makilo 5 a chimanga ndi makilo 5 a soya, mapuloteni n'kukhalabe chimodzimodzi, pafupifupi makilo 2,7 mbali zonse ziwiri. Koma soya ndi chimanga zochotsedwazo zatenga magalamu oposa 150 a lizina, pamene masese abweretsa 80. Mpata umenewo uyenera kutsekedwa ndi lizina ya ufa yogulitsidwa m'malonja a za ziweto. Wopanda kutero adzaona nkhuku zake zikudya kwambiri koma osalemera, ndipo masiku 35 kapena 42 ofikira pa msika adzatalika. Ndalama imene adapulumutsa pa soya idzathera pa masiku owonjezerawo.

Tsono masese apindulitsa pokhapokha mtengo wake pa kilo uli pansi pa mtengo wapakati wa chimanga ndi soya, atawerengeranso lizina yowonjezera ndi mtengo wa ulendo. Kwa nkhuku zoikira, mlimi akumbukirenso kuti masese alibe laimu. Chikamba cha dzira chimafuna kashiamu wa magawo 3,5 mpaka 4 pa 100 a chakudya, ndipo ameneyu ayenera kuchokera ku mwala wa laimu wogaya kapena ku zigoba za nkhono.

Amalonda amatamanso masese kuti amafiiritsa yolki ya dzira ndi khungu la nkhuku. Zimenezi n'zoona pa masese a chimanga chachikasu cha ku América ndi ku Brasil. Chimanga choyera, chimene chimalimidwa kuno, chilibe utoto umenewo, ndipo masese ake sangasinthe mtundu wa dzira.

Moto, chuku ndi madzi

Choopsa choyamba ndi moto. Masese akaumitsidwa ndi kutentha kopitirira muyeso, lizina yochepa ija imagwirana ndi shuga wotsala n'kusanduka chinthu chimene nkhuku singagaye. Chizindikiro chake chimaoneka ndi maso: masese abwino amakhala owala ngati golide, opserera amakhala oderako ngati khofi ndipo amanunkha utsi. Matumba awiri angakhale ndi mapuloteni ofanana pa pepala, koma limodzi n'kukhala lopanda ntchito m'mimba mwa nkhuku.

Chachiwiri ndi chuku. Chiphe chimene nkhungu zina zimasiya m'chimanga ndi mtedza wosungidwa pa chinyontho, chotchedwa aflatoksina, sichifa ndi kuwira kwa phala ngakhale ndi moto wotchezera. Sichiuluka pamodzi ndi mowa, chimatsala pansi, ndipo monga mapuloteni, nachonso chimachuluka katatu. Chimanga chimene chidali ndi chuku chochepa chimabala masese oopsa. Chiphe chimenechi chidadziwika koyamba kudzera m'mbalame zoweta: mu 1960 nkhukundembo zoposa 100 000 zidafa ku Inglaterra zitadya bagaso wa mtedza wochokera ku Brasil. Mu nkhuku chimawononga chiwindi, chimachedwetsa kukula, chimachepetsa mazira, ndiponso chimafooketsa thupi kotero kuti katemera wa chitopa sagwira bwino. Kwa anthu n'choopsanso: mu 2004 anthu 125 adafa ku Quénia atadya chimanga cha chuku.

Nkhani imeneyi ikukhudza midzi ya kuno mwachindunji, chifukwa m'makomo ambiri chimanga chowola ndi chofumbwa, chimene sichiyenera nsima, ndicho chimapatulidwira mowa. Anthu a m'chigawo chino sadaiwale za ku Chitima, m'boma la Cahora Bassa, kumene mu Janeiro 2015 anthu 75 adamwalira ndipo ena oposa 150 adadwala atamwa pombe pochokera ku maliro. Kafukufuku adapeza kuti ufa wa chimanga wophikira mowawo udali utaonongeka, ndipo mudamera kachilombo kotchedwa Burkholderia gladioli, kamene kamatulutsa chiphe champhamvu. Chiphe chimenecho ndi chosiyana ndi cha chuku, koma gwero lake ndi limodzi, ufa wonyowa wosungidwa pofunda. Zotsala za mowa wa ufa wotere siziyenera kufika pa mlomo wa chiweto chilichonse.

Chachitatu ndi madzi. Masese osaumitsa ali ndi madzi magawo 65 mpaka 70 pa 100, ndipo phala longochoka mu mbiya limaposa pamenepo. M'nyengo yotentha amayamba kusasa ndi kuchita nkhungu pasanathe sabata, ndipo m'chigwa cha Zambeze, kumene mu Outubro ndi Novembro kutentha kumapitirira madigiri 40, masiku awiri kapena atatu ndi okwanira. Kuti asungike, chinyontho chiyenera kutsika kufika pa 10 mpaka 12 pa 100. Wonyamula masese aawisi pa galimoto akulipirira ulendo wa madzi.

Nanga kuno angachokere kuti?

Apa ndi pamene nkhaniyi imavutira. Etanol wa m'maiko a kuno kum'mwera kwa África amachokera makamaka ku nzimbe. Ku Malawi, fabirika ya ku Dwangwa idayamba mu 1982 ndipo ya ku Chikwawa mu 2004, zonse ziwiri zimatcheza manyuchi otsala popanga shuga. Ku Zimbabwe, ya ku Triangle ndi ya ku Chisumbanje nazonso zimadalira nzimbe. Zotsala za mafabirika otere ndi madzi akuda oyenera kuthira m'munda ngati manyowa, osati chakudya cha nkhuku. Ku Moçambique, ndondomeko ya Boma ya mafuta ochokera ku zomera, imene idavomerezedwa mu 2009, idasankha nzimbe ndi misale kuti ndizo zipangire etanol, ndipo chimanga chidasiyidwa kuti chikhale chakudya cha anthu. Fabirika ya etanol wa chinangwa imene idatsegulidwa ku Dondo mu 2012 sidakhalitse, ndiponso zotsala za chinangwa zilibe mapuloteni okwanira, popeza chinangwacho chili ndi ochepa kwambiri.

Kuitanitsa masese ouma kuchokera kunja n'kotheka kudzera pa doko la Beira, koma kuchoka ku Beira kufika ku Tete ndi makilomita pafupifupi 600, ndipo kukwera mpaka ku Ulónguè ndi ena oposa 200. Pamwamba pa mtengo wa sitima ndi wa galimoto pali vuto la ndalama zakunja. Kampani yaikulu yogula matani mazanamazana ingaone phindu m'chaka chimene soya wakwera. Woweta wamng'ono payekha sangathe. Ndipo pali funso lina loyenera kuliganizira mofatsa: thumba lililonse la masese akunja ndi theka la thumba la soya limene mlimi wa ku Dómuè kapena ku Tsangano sadagulitse.

Gwero lachiwiri ndi mafabirika a mowa wa m'mabotolo. Kampani ya Cervejas de Moçambique ili ndi mafabirika ku Maputo, ku Marracuene, ku Beira ndi ku Nampula, ndipo ya Heineken idatsegula yake ku Bobole mu 2019. Zotsala zawo ndi zosiyana ndi masese a etanol, chifukwa zimasefedwa mowa usanawire, ndipo zambiri ndi makoko a barele. Zikauma zimakhala ndi mapuloteni oposa 20 pa 100, koma makoko ake ndi ochuluka pafupifupi kawiri kuposa a masese a chimanga. Ndi chakudya chabwino cha ng'ombe zamkaka ndi nkhumba zoyandikana ndi fabirika. Kwa nkhuku, makamaka anapiye, chimalowa pang'ono pokha.

Gwero lachitatu lili m'midzi ndi m'mabayiro momwemo. Kachasu wa kuno amatchezedwa kuchokera ku gaga, chimera ndi shuga wogula, ndipo mowa wa masese ndi kabanga zimasiyanso zotsala posefa. Kuyambira kale zotsalazi zimapita kwa nkhumba, kapena zimatayidwa kuseri kwa nyumba kumene nkhuku zachikuda zimapalasa. Koma zimenezi sizofanana ndi DDGS wa m'fabirika. Shuga wogula sabweretsa mapuloteni ngakhale pang'ono, ndipo gaga ali ndi makoko ambiri kuyambira pachiyambi. Mbiya iliyonse imatuluka mosiyana ndi inzake, malinga ndi dzanja la wophika. Masese oterewa amaposa gaga wamba chifukwa cha chotupitsa chotsalamo, koma amene angawawerengere ngati ali ndi magawo 27 a mapuloteni adzanamiza nkhuku zake.

Kwa mlimi amene akufuna kuyesa

Woyamba kupindula ndi masese a kumudzi ndi mwini nkhuku zachikuda ndi zamikolongwe, zimene zimakula pang'onopang'ono ndipo zimadzipezera ziwala, chiswe ndi masamba. Kwa nkhuku zimenezi masese ouma ndi chowonjezera chabwino m'miyezi ya chilimwe, pamene tizilombo tachepa pabwalo. Nkhuku zoyera zanyama, zimene zidapangidwa kuti zifike makilo awiri m'masabata asanu kapena asanu ndi limodzi, sizikhululuka chakudya chikaperewera.

Mlimi ayambe wadziwa kumene masese achokera. Ngati mowa udaphikidwa ndi chimanga chowola, ngati mudathiridwa zinthu zina zoti ukalipe, kapena ngati mgolo wotchezera udasungapo mankhwala a mbewu kapena mafuta a galimoto, masesewo awasiye. Masese a mowa wosefa, umene sudatchezedwe, amakhala adakali ndi mowa, ndipo nkhuku zikadya aawisi zimaledzera ndi kutsegula m'mimba.

Atawatenga tsiku lomwelo, awafinye m'thumba kuti madzi atuluke, awayanike mopyapyala pa thandala kapena pa pepala la pulasitiki, osati pa dothi, ndipo aziwatembenuza kangapo pa tsiku. Asawakazinge pa moto pofuna kufulumira, chifukwa adzapsereza lizina yochepa imene ilipo. Masese ouma bwino amayoyoka akawafumbata m'dzanja, sagwirana. Akaoneka ndi madontho obiriwira, akuda kapena oyera ngati thonje, kapena akanunkha chivundi, akwiriridwe. Matumba asungidwe pa mitengo, osakhudza pansi kapena khoma, ndipo athe pasanapite mwezi umodzi kapena iwiri, popeza mafuta a m'masese amaola msanga kukatentha.

Anapiye osakwana masabata atatu asapatsidwe masese a kumudzi. Kwa nkhuku zosinkhuka, ayambe ndi mbale imodzi pa mbale 20 za chakudya, ndipo asapitirire imodzi pa 10. Soya, kapena nsomba zogaya kwa amene amazipeza, zisachotsedwe zonse. Soya wa m'munda mwake ayenera kukazingidwa kapena kuwiritsidwa asanagayidwe, pakuti wamuwisi ali ndi zinthu zoletsa nkhuku kugaya mapuloteni.

Njira yodziwira ngati masese akuthandiza ndi sikelo. Mlimi agawe nkhuku za msinkhu umodzi m'magulu awiri, gulu lina lidye monga mwa masiku onse, lina lidye chosakaniza ndi masese. Sabata iliyonse ayeze nkhuku khumi za gulu lililonse, alembe m'kope makilo a chakudya chimene gulu lililonse ladya, kapena mazira amene laikira. Ayang'anenso zitosi ndi utuchi wa pansi: zikayamba kunyowa ndi kununkha kwambiri, muyeso wa masese wachuluka. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Masabata anayi a kope ndi sikelo amaphunzitsa zambiri kuposa mawu a wogulitsa. Ndipo chakudya chilichonse chisaiwalitse katemera wa chitopa, wa kadontho ka m'diso, amene amaperekedwa katatu pa chaka, mu Março, Julho ndi Novembro.

Ntchito imene yatsala

Chosowa chachikulu ndi muyeso wa masese a kuno. Manambala onse odziwika bwino adachokera ku chimanga chachikasu cha m'mafabirika a kutali. Ku Ulónguè kuli sukulu ya ukachenjede ya zaulimi ya Universidade Zambeze, ndipo dziko lili ndi bungwe la kafukufuku wa zaulimi la IIAM. Kutolera masese a kachasu ndi a kabanga m'midzi ya Angónia, Tsangano, Macanga ndi Moatize, kuyeza mapuloteni, makoko ndi aflatoksina, ndi kuyesa pa nkhuku m'makola oyang'aniridwa, ndi ntchito imene ophunzira omaliza maphunziro angaigwire, ndipo zotsatira zake zingapatse alangizi a m'midzi mawu otsimikizika ouza alimi.

Mabungwe a oweta nawo ali ndi mbali yawo. Lizina, metionina ndi mavitamini osakaniza zimagulitsidwa m'matumba aakulu amene woweta mmodzi sangamalize, koma anthu khumi atasonkherana angagule thumba limodzi n'kugawana pa sikelo. Chimodzimodzi ndi choumitsira cha dzuwa, chimene chingamangidwe pafupi ndi malo amene mowa umaphikidwa kwambiri.

Pali malire amodzi amene sayenera kudumphidwa. Masese ali ndi phindu chifukwa ndi zotsala za ntchito imene yachitika kale. Kutapa chimanga m'nkhokwe n'kuphika mowa ndi cholinga chopeza chakudya cha nkhuku n'kutaya makilo 70 kuti upeze 30, ndipo m'chaka cha njala banja lotero lidzagula ufa pa mtengo wa mu Fevereiro. Miyezi ya Junho mpaka Outubro, pamene zokolola zili m'nkhokwe, mowa ukuphikidwa m'midzi yambiri ndipo dzuwa likuumitsa chilichonse choyanikidwa, ndiyo nyengo imene mlimi angayesere ndi nkhuku zochepa, asanaike khola lonse pa chiswe.